Musanazule dikoda n'kuyamba kuonera TV pa ma app

Mu Ogasiti 2023, kampani ya MultiChoice Africa Holdings italengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi, foni yanga sinapume. Pamtundu pathu ine ndi amene ndimakwera padenga dishi ikapotoka ndi mphepo, ndiye aliyense ankaimbira ine. Funso linali limodzi: "Nanga titani? Tingosamukira pa intaneti?" Mkangano wa mitengo umene unayambitsa zimenezi unatha mu Disembala chaka chomwecho, DStv n'kubwerera, koma funsolo lidakalipo. Mitengo ya madikoda ikakwera limabuka, wina akagula pulazima yatsopano limabuka, mwana akabwera kutchuthi n'kunena kuti kutauni anzake onse amaonera pa app limabukanso.

Ine ndimayankha kuti kusamuka n'kotheka, ndipo kwa mabanja ena n'kwabwino ndithu. Koma dikoda ili ndi zinthu ziwiri zimene app ilibe: sidya bandulo, komanso ili m'manja mwa lamulo la dziko lino. Musanaizule, dziwani bwino chimene mukusiya.

Boma likufunanji pa kabokosi kanu?

Kabokosi kamene kali pansi pa TV yanu sikanabwere chifukwa cha malonda okha. Mu 2006 mayiko a ku Africa, ku Ulaya ndi ku Middle East anagwirizana ku Geneva, kudzera ku ITU, bungwe la United Nations loona za mafoni ndi mawailesi, kuti pofika pa 17 Juni 2015 akhale atasiya kuulutsa kanema mwa njira yakale ya analogi. Mpata wa m'mlengalenga umene tchanelo imodzi ya analogi inkadya yokha umanyamula matchanelo oposa khumi a dijito, ndipo wotsalawo umapita kwa makampani a mafoni kuti intaneti iziyenda bwino. Mu 2010 nduna za mayiko a SADC zinasankha kuti chigawo chino chigwiritse ntchito njira ya dijito yotchedwa DVB-T2. TV zakale sizimva chilankhulo chimenechi, n'chifukwa chake panafunika dikoda yoti izimasulira. Kuno kwathu boma linakhazikitsa kampani ya Malawi Digital Broadcast Network Limited, eni ake a Kiliye Kiliye, kuti izinyamula matchanelo a m'dziko muno n'kuwafikitsa m'makomo. Ku Zambia ntchito imeneyi ili m'manja mwa TopStar, imene ZNBC inakhazikitsa pamodzi ndi StarTimes ya ku China.

Woyang'anira zonsezi kuno ndi MACRA, pansi pa lamulo la Communications Act la 2016. MACRA ndi imene imapereka ziphaso kwa oulutsa mawu ndi kanema, imavomereza zida zolumikizirana zisanagulitsidwe, komanso imalandira madandaulo a anthu. Nkhani ya 2023 ija inayambira pomwepa. MACRA inkati mitengo ya DStv singakwere popanda chilolezo chake, pamene MultiChoice Malawi inkati mitengoyo saika ndi iyo, amaika ndi a MultiChoice Africa Holdings a kunja. Bwalo lalikulu la milandu linagamula mokomera kampaniyo. Kaya munali mbali iti, onani kuti panali bungwe la boma loyankhula, panali khoti la kuno, panali ofesi imene munthu akanatha kupitako ndi risiti m'manja. Netflix kapena YouTube akakweza mtengo, palibe ofesi ku Blantyre kapena ku Lilongwe imene mungakagogodeko.

A ku America anadutsa m'nkhondo yofananako, ngakhale vuto lawo linali lina. Kumeneko anthu sankagula madikoda, ankachita lendi mwezi ndi mwezi kwa makampani a kanema. Mu 2015 aphungu awiri a nyumba ya Senate, Ed Markey ndi Richard Blumenthal, anapeza kuti anthu pafupifupi 99 mwa 100 alionse olipira TV ankachita lendi bokosi, ndipo banja limodzi linkawononga madola pafupifupi 231 pachaka pa lendi yokhayo. Mu Febuluwale 2016 bungwe la FCC, limene lili ngati MACRA ya kumeneko, motsogozedwa ndi Tom Wheeler, linabweretsa ganizo lokakamiza makampaniwo kutsegula matchanelo awo kuti munthu azionera pa chida chilichonse chimene wagula yekha. Makampani anakana, nati bola apange ma app awo. Mu Sepitembala Wheeler anasintha ganizo lake kuti lamulo likakamize ma app aulere, koma voti inaimitsidwa tsiku lomwe inkayenera kuchitika. Ajit Pai atalowa pampando mu Januwale 2017 anaichotsa nkhaniyo pandandanda, ndipo mu 2020 inatsekedwa. Anthu anasamukirabe ku ma app, koma pa mfundo zimene makampani anaika okha. Ife bokosi timagula ndithu, koma nalonso ndi lomangidwa ku kampani imodzi: dikoda ya GOtv singakuonetseni za Azam.

Yambani ndi kope ndi cholembera

Kwa sabata yathunthu, lembani zimene nyumba yanu imaonera komanso maola ake. Musaganizire, lembani ndithu. Ndinachita zimenezi kwa mayi anga ndipo zinandidabwitsa: TV imayaka m'mawa, imangoyankhula yokha iwo akusesa, akuphika, akusankha nyemba pakhonde, mpaka nkhani za usiku zitatha. Ankaonera MBC, Zodiak, Times ndi mapemphero a pa Luntha. Pa dikoda, TV ikayaka maola khumi mtengo ndi womwewo. Pa app, ola lililonse ndi ndalama, ngakhale palibe amene wakhala pampando.

Mukamaliza sabatayo mudzaona nokha gulu limene muli. Pali nyumba za nkhani ndi mapulogalamu a kuno, pali nyumba za mpira, pali za mafilimu ndi makatuni a ana. Za mafilimu ndi zimene zimapindula kwambiri ndi ma app, chifukwa filimu umatha kuitsitsa n'kuonera nthawi ina. Za mpira ndi zimene zimavutika kwambiri.

Kenako idziweni dikoda imene muli nayo

Tembenuzani kabokosiko muwerenge kumbuyo kapena pansi. Ikalembedwa DVB-T2 ndiye kuti ndi ya eriyo, monga GOtv ndi Kiliye Kiliye. Ikalembedwa DVB-S2 ndi ya dishi, monga DStv ndi Azam. Jambulani ndi foni nambala ya khadi kapena ya dikodayo, chifukwa mudzaifuna kutsogoloku. Funsaninso kwa ajenti kuti mukapanda kulipira mwezi umodzi kapena itatu, ndi matchanelo ati amene amatsala, ndipo kuti muyambirenso pamafunika chiyani. Yankho limeneli ndi limene lingakuuzeni ngati dikodayo ingakhale yodikirira pambali.

Yang'ananinso TV yeniyeniyo. Mapulazima ambiri a masiku ano ali ndi DVB-T2 m'kati mwake, moti mukangolumikiza eriyo n'kuuza TV kuti isake matchanelo a dijito, imakoka okha amene sanatsekedwe popanda kabokosi kalikonse. Kuyesa sikulira ndalama. Koma TV yochokera ku America kapena ku Japan sichita zimenezi, chifukwa kumeneko amagwiritsa ntchito njira zina, ATSC ndi ISDB-T, ndipo zambiri za ku America zimafuna magetsi a 110V pamene athu a ESCOM ndi 230V. Achibale a kunja amene mumatumiza katundu kumudzi, chonde yang'anani zimenezi musanakweze TV mu kontena.

Yezani netiweki pamalo pamene pali TV

Osati pakhonde, osati pa chulu paja pamene foni imagwira bwino. Khalani pampando umene mumaonera TV, tsegulani fast.com kapena app ya Speedtest, muone nambala imene ituluke. Chitani zimenezi madzulo, pakati pa 7 ndi 9 koloko, nthawi imene dera lonse lili pa foni, ndipo bwerezani masiku atatu kapena anayi, limodzi likhale Loweruka. Ngati muli ndi ma SIM awiri, wa Airtel ndi wa TNM, yezani onse. Kuyezako kumadya data pang'ono, ndiye musachite kakhumi.

Netflix imalangiza liwiro la intaneti la 3 Mbps pa chithunzi cha HD (720p), 5 Mbps pa chooneka bwino kuposa pamenepo (1080p), ndi 15 Mbps pa chapamwamba kwambiri (4K). Manambala amenewa ndi a chida chimodzi. Ngati mwana ali pa TikTok kuchipinda ndipo bambo akutsitsa zinthu pa laputopu, mukugawana mphika umodzi. Ndipo chofunika kwambiri si kukwera kwa nambala koma kukhazikika kwake. Netiweki imene imapereka 4 Mbps nthawi zonse ndi yabwino kuposa imene masana imafika 20 koma madzulo n'kugwera pa 1. Mukapeza kuti madzulo simukufika pa 3, imani pomwepo, app ingokupsetsani mtima.

Tsopano masamu a bandulo

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, choncho tikhalitsepo. Malinga ndi Netflix yomwe, ola limodzi limadya mpaka 0.3GB mukaika pa chithunzi chotsikitsitsa, mpaka 1GB pa chithunzi wamba, mpaka 3GB pa HD, ndi mpaka 7GB pa 4K. Ma app ena amasiyanako pang'ono koma sapita kutali ndi pamenepa.

Tengani kope lija. Tinene kuti nyumba yanu imaonera maola 4 patsiku. Pamwezi ndi maola 120. Pa chithunzi wamba ndi 120GB. Pa HD ndi 360GB. Ngakhale mutaika chotsikitsitsa chija, chimene pa pulazima yaikulu nkhope za anthu zimaoneka ngati zapakidwa phala, ndi 36GB. Masewero amodzi a mpira, kuphatikiza nthawi yopuma ndi zokambirana, amatenga maola awiri, kutanthauza kuti pa HD akhoza kumeza 5GB kapena 6GB. Tsopano tsegulani menyu ya mabandulo pa foni yanu muone mtengo wa magigabayiti amenewo lero, muphatikizepo ndalama yolipira app yeniyeniyo, kenako muyerekeze ndi zimene mumalipira pa dikoda. Mitengo sindiilemba pano chifukwa imasinthasintha. Tengani ya tsiku limene mukuwerengalo.

Mabanja ambiri akafika apa amapeza kuti pa bandulo ya foni, app ndi yodula kuposa dikoda. Zimasintha pokhapokha ngati pakhomo pali kale intaneti ya pamwezi yopanda malire, kaya ya rauta, ya faiba kapena ya Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023. Ngati mumalipira kale intaneti yotere chifukwa cha ntchito kapena sukulu ya ana, ndiye kuti TV ingokwera galimoto imene ikupita kale. Koma kugula intaneti yoteroyo chifukwa cha TV yokha kawirikawiri sikupindula.

Mawu akuti "unlimited" muziwafunsa bwino. Mabandulo ambiri otere amakhala ndi muyezo wobisika: mukafika magigabayiti akutiakuti, liwiro amalitsitsa mpaka kanema kumangozungulira. Funsani kuti muyezowo ndi ungati ndipo mukaudutsa liwiro limatsala lingati. Dziwaninso kuti bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook sigwira pa ma app a mafilimu, ndipo bandulo ikatha foni ina imayamba kudya mayunitsi mwakachetechete. Mbali yabwino ndi yakuti mabandulo a usiku amakhala otsika mtengo, ndipo ma app ambiri amalola kutsitsa filimu pa foni kapena pa tabuleti. Tsitsani usiku, onerani mawa.

Kwa okonda mpira pali china chimene masamu saonetsa. Kanema wa pa intaneti amachedwa, mwina ndi theka la mphindi, mwina kuposa. Tsiku lina tikuonera pa app, aneba a dishi anakuwa kuti chalowa ife mpira udakali pakati pa bwalo. Ana anga anangoyang'anana. Kwa ena zimenezi si kanthu, kwa ena ndiye kuti masewero onse aonongeka.

Yesani ma app amene mwalipira kale musanagule china

Ambiri sadziwa kuti kampani ya dikoda yawo ili ndi app. DStv ili ndi DStv Stream, Azam ili ndi AzamTV Max, StarTimes ili ndi StarTimes ON. Tsitsani app ya kampani yanu kuchokera pa Google Play kapena App Store, tsegulani akaunti ndi nambala ya foni kapena imelo yanu, ndipo pamene ikufunsa nambala ya khadi ikani ija munajambula. Mukatero mumaonera pa foni mogwirizana ndi phukusi limene mumalipira, ngakhale pamakhala malire a zida zimene zingaonere nthawi imodzi. Ma wailesi a kanema a kuno, monga Zodiak, Times, MBC ndi Mibawa, amaulutsa mapulogalamu ambiri pa Facebook ndi pa YouTube mwaulere. Sabata imodzi yoonera motere ikuonetsani mmene netiweki yanu imachitira komanso mmene data imathera, musanataye ndalama pa chida chatsopano.

Kusankha chida, ndi bokosi limene simuyenera kugula

Ngati TV yanu ndi smart TV, ma app ali kale m'kati, ingoilumikizani ku Wi-Fi. Ngati si yotero koma ili ndi bowo la HDMI, mukufunika kabokosi kapena kandodo ka ma app, monga Amazon Fire TV Stick kapena zida za Xiaomi zoyendera Android TV ndi Google TV. TV yakale ija ya chimimba kumbuyo, ya zingwe zitatu, chofiira, choyera ndi chachikasu, imafuna kachida kena kosinthira HDMI kupita ku AV. Zimatheka, koma zilembo za ma app zimaoneka zosamveka bwino, ndipo ine ndimati TV yotereyi bola ikhalebe ndi dikoda yake.

Pogula, funsani zinthu zitatu: risiti yolembedwa dzina la chidacho, waranti ya miyezi ingati, komanso ngati chili chovomerezeka ndi MACRA. Muuzeni wogulitsayo akuyatsireni pompo. Lowani mu Google Play, pitani pa Settings, muone ngati palembedwa kuti chidacho ndi certified, kutanthauza chovomerezeka ndi Google. Chikapanda kutero, ma app ngati Netflix akhoza kukana kulowa, kapena kulowa koma n'kumaonetsa chithunzi chotsika.

Ndiye pali mabokosi aja amene amagulitsidwa m'misika ndi m'magulu a WhatsApp, akuti "lipirani kamodzi, matchanelo onse a dziko lapansi mpaka kale." Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mlamu wanga anagula lotere kwa mnyamata wina mumsika. Miyezi iwiri yoyamba ankatiitana kukaonera mpira wa ku England, akumwetulira. Mwezi wachitatu matchanelo onse anazima tsiku limodzi, nambala ya mnyamatayo inasiya kupezeka, ndipo pa benchi pamene ankakhala panali munthu wina wogulitsa machaja. Analibe risiti, analibe kokadandaula, chifukwa chimene anagulacho chinali chakuba. Mabokosi amenewa amaba zithunzi za makampani amene analipira ufulu woonetsa, ndipo lamulo lathu la Copyright Act la 2016 limaletsa zimenezi. Eni ake akatseka gwero, bokosi limasanduka njerwa.

Choopsa china n'chosaoneka. Mu Juni 2025 FBI ya ku America inachenjeza za BADBOX 2.0, pulogalamu yoipa imene imabwera ili kale m'mabokosi otchipa a Android osavomerezeka, ndipo Google inati zida zoposa 10 miliyoni zinakhudzidwa. Bokosi lotere limagwiritsa ntchito intaneti yanu pa zachinyengo za anthu ena inu mukugona, data yanu n'kumatha osadziwa kumene yapita. Pa Wi-Fi yomweyo ndi pamene pali foni imene mumatumizira ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money. Ine bokosi lotere sindingalilowetse m'nyumba ngakhale atandipatsa ulere.

Kulumikiza

Zimitsani TV, lowetsani chidacho mu HDMI, ndipo ikani magetsi ake kuchokera pa chaja yake osati pa USB ya TV, chifukwa ma USB ena mphamvu imachepa, chida n'kumazima chokha. Yatsani, dinani Source kapena Input pa rimoti ya TV, sankhani HDMI imene mwalowetsamo. Lumikizani ku Wi-Fi. Tsiku loyamba chidacho chimafuna kudzikonza n'kutsitsa zinthu zambiri, ndiye musachite pa bandulo yaing'ono.

Musanaonere kalikonse, lowani m'ma Settings a app iliyonse mutsitse chithunzi kufika pa 480p kapena Medium, ndipo muzimitse Autoplay, imene imayambitsa gawo lotsatira yokha. Imeneyi ndi imene imamaliza bandulo munthu atagona pampando. Ngati mukugwiritsa ntchito hotspot ya foni, kumbukirani kuti TV imaiona ngati Wi-Fi wamba ndipo imakoka chithunzi chapamwamba mosaumira. Rauta ikhale chipinda chomwecho kapena pafupi, chifukwa makoma a njerwa zootcha amafooketsa Wi-Fi.

Za magetsi, werengani zida zimene zikufunika kuyaka: TV, kabokosi, ndi rauta. Ngati muli pa sola, rautayo ndi katundu woonjezera pa batire, ngakhale sidya zambiri. Nyengo ya mvula gulani chotetezera ku kukwera kwa magetsi, ndipo kukachita ziphaliwali zulani pulagi pamodzi ndi chingwe cha eriyo kapena cha dishi. Madikoda ambiri amene ndawaona atapsa anapsera pa chingwe chimenechi.

Kulipira

Dikoda mumalipira m'makwacha, kwa ajenti kapena pa foni. Ma app ambiri a kunja amafuna khadi ya Visa kapena Mastercard ndipo amadula m'madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wolipira m'madola anaona mtengo wake ukukwera usiku umodzi popanda kampani kusintha kalikonse. Ndi kusowa kwa ndalama zakunja, mabanki amaikanso malire pa zolipira kunja, choncho pitani ku banki yanu mukafunse ngati khadi yanu ili yotsegulidwa kulipira pa intaneti komanso malire ake.

Kusiyana kwina n'kofunika kwambiri. Dikoda mukapanda kulipira imangozima. App imadzidulira yokha ndalama mwezi ndi mwezi mpaka mutailetsa, ndipo kuifufuta pa foni si kuiletsa. Tsiku lomwe mwalembetsa, pezani pamene palembedwa Cancel ndipo lembani pa kalendala tsiku limene adzadulenso. Samalaninso ndi mapukusi otchipa olembedwa Mobile: amenewo ndi a pa foni ndi tabuleti basi, pa TV sakwera. Ndipo anthu ogulitsa "akaunti yogawana" pa mtengo wozizira muwapewe. Mawa pasiwedi ikasinthidwa mulibe ponena.

Ana ndi akuluakulu

Wailesi ya kanema ya kuno ili ndi chiphaso, ndipo ikaulutsa zolaula masana ikayankha kwa MACRA. App ya kunja ilibe nthawi ya ana ndi nthawi ya akulu, zonse zili pompo usana ndi usiku. Ntchito imene boma linkakugwirirani ija tsopano ndi yanu. Pangani profile ya ana payokha mu app iliyonse, ikani PIN pa ya akulu, ndipo kwa ang'onoang'ono ikani YouTube Kids, ngati ikupezeka pa chida chanu, m'malo mwa YouTube wamba. PIN isakhale chaka chimene munabadwa, ana amachidziwa.

Akuluakulu nawo musawaiwale. Mayi anga amadziwa manambala a matchanelo awo pamtima, amadina osayang'ana n'komwe. Nditawapatsa karimoti ka mabatani ochepa kaja, anakatembenuza kawiri n'kundifunsa kuti, "Nanga manambala ali kuti, mwanawe?" Ndinawaonetsa kangapo, koma ndinaona kuti chinthu chimene ankachita okha tsopano chikufuna kuti aziitana mdzukulu. Zimenezo zinandikhudza, ndipo ndi zimene zinandipangitsa kusintha maganizo pa nyumba yawo.

Ngati muli ndi bizinesi kapena muli kunja

A mabala, malo ogona alendo ndi mavidiyo sho, akaunti ya pakhomo si yoonetsera gulu. Malamulo a Netflix amanena kuti ndi ya munthu ndi a m'nyumba mwake basi, ndipo DStv ili ndi mapukusi ake a bizinesi. Pitaninso ku COSOMA, bungwe loteteza ufulu wa eni nyimbo ndi zaluso, mukafunse za chiphaso choonetsera ndi kuimbira nyimbo pagulu.

Amene muli ku Britain, lamulo la kumeneko linatsatira kale anthu ku ma app: kuonera TV iliyonse imene ikuulutsidwa nthawi yomweyo, ngakhale pa foni, komanso chilichonse pa BBC iPlayer, kumafuna TV Licence. Lamulo lawo la Media Act la 2024 linapatsanso Ofcom, bungwe loyang'anira zoulutsa kumeneko, mphamvu zoyang'anira makampani akuluakulu a mafilimu a pa intaneti. A ku South Africa muli ndi ma app a SABC+ ndi eVOD, koma zambiri za mmenemo sizitseguka mukabwera kumudzi, chifukwa ufulu woonetsa umagulidwa dziko ndi dziko. N'chimodzimodzi ndi dikoda yolembetsedwa ku Johannesburg: kuitumiza kumudzi n'kumailipirira komweko n'kuphwanya mgwirizano wanu ndi kampani, ndipo akaitseka simungadandaule kwa aliyense kuno.

Mwezi umodzi muyendetse zonse ziwiri

Musazule kanthu. Siyani dikoda pa HDMI imodzi, chida chatsopano pa inzake, ndipo ngati mungathe tsitsani phukusi la dikoda kufika pa lotchipa. Kwa masiku 30 lembani ndalama zonse za data, masiku amene kanema anakana kuyenda, ndi madandaulo a m'nyumba. Mwezi ukatha muli ndi manambala anuanu, osati a mnzanu wa ku ofesi amene ali ndi faiba.

Chikavuta pa dikoda kapena pa netiweki, yambani ndi kampaniyo. Lembani tsiku, nthawi ndi nambala ya dandaulo imene akupatsani, ndipo sungani mauthenga a malipiro. Akapanda kukuthandizani, tengani zonsezo mupite nazo ku MACRA. Ngati ndi chida chimene mwagulitsidwa chachinyengo kapena chosagwira ntchito, nkhaniyo ndi ya Competition and Fair Trading Commission, ndipo choyamba chimene akafunse ndi risiti. Pa app ya kunja, njira ndi yolembera kampaniyo kudzera mu app momwemo, ndipo ngati akudulani ndalama molakwika, banki yanu.

Mukatsimikiza kuti mwasamuka, dikoda ipukuteni, ikani mu katoni pamodzi ndi rimoti, chaja ndi khadi yake, mabatire mutachotsa kuti asawolere m'kati. Dishi kapena eriyo isiyeni padenga, ndipo kumapeto kwa chingwe mangani kapulasitiki kuti madzi asalowe. Kwanga ndinachita zimenezi, ndipo katoniyo ndaitsitsapo kawiri pamwamba pa wadirobu, ulendo wina intaneti itasowa masiku atatu. Kwa mayi ndinabweza zonse mmene zinalili. Eriyo yawo idakali pa nsungwi yomwe ija kuseri kwa khitchini, ndipo kandodo ka ma app kamakhala mu kabati, timakalumikiza adzukulu akabwera kutchuthi.